Runtime ya GNOME pa Flatpak: chomwe ndaikondera kwambiri ndi zimene anakana kuikamo

Ndivomere kaye kuti tsiku loyamba ndinaidandaula heavy runtime imeneyi ya GNOME, imodzi mwa ma desktop a Linux, yomwe imabwera kudzera mu Flatpak, njira yoikira mapulogalamu pa Linux. Ndinkangofuna kapulogalamu kakang'ono kolembamo manotsi basi, ndalemba flatpak install, nde terminal ikundifunsa kuti kodi mukuvomera titsitsenso org.gnome.Platform, mamegabaiti mazana angapo, pomwe kapulogalamu kenikeniko sikakufika ngakhale teni. Ndinati aaa, ine ndapempha singano inu mwabwera ndi mashini yosokera yomwe? Ndinadina y mokwiya nkukachita zina. Koma nditabwera kudzaika pulogalamu yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zonse zinangolowa ngati mphezi, poti chimtolo chija chinali chilipo kale ndipo onsewa akudyera mbale imodzi. Apa mpamene ndinayamba kuchita chidwi kuti kodi mumtolomu anamangamo chani, ndipo anasankha ndani kuti ichi chilowe ichi chitsale. Panopa ndaigwiritsa ntchito nthawi yaitali ndithu, mbali zonse ziwiri, ngati munthu wongoika mapulogalamu komanso ngati wopanga timapulogalamu tanga tiwiri tosadziwika, nde zomwe ndilembe apa nzomwe ndaziona ndi maso.

Kwa amene simunaikhudzepo, runtime ndi pansi pomwe mapulogalamu a Flatpak amaimapo. Ya GNOME inamangidwa pamwamba pa ina yotchedwa org.freedesktop.Platform, imene imatuluka chaka chilichonse mu Ogasiti nkusamalidwa zaka ziwiri, pomwe ya GNOME imatuluka kawiri pachaka, Malichi ndi Seputembala, ndipo moyo wake ndi ngati chaka chimodzi. Pali yogwiritsira ntchito, Platform, ndi yomangira, Sdk, yomwe ili ndi ma compiler, zida zosandutsa code kukhala pulogalamu. Kusiyana kumeneku mukusunge chifukwa nkhani yonse ya zilankhulo zolembera mapulogalamu yagona pamenepo.

Njira yachidule yoonera zamkati ndi iyi, lembani flatpak run org.gnome.Platform mu terminal, ikulowetsani mu shell ya mkati mwa runtime momwemo, mukhala ngati mwalowa m'nyumba ya eni ake iwo kulibe nkumatsegula makabati. Ine ndinayamba ndi python3, inayankha. Ndinalemba import gi, zii, palibe error, kutanthauza kuti PyGObject ilimo, mutha kujambula windo la GTK, chida chomwe GNOME imapangira mawindo ndi mabatani, kuchokera ku Python pompopompo. Ndinalemba gjs, inayankha, JavaScript ilimo. Kenako java, command not found. dotnet, command not found. node, chimodzimodzi. rustc ayi, go ayi. Ndinakhala kaye phee kuyang'ana sikirini, chifukwa mndandanda wa zomwe mulibe ndi wautali kuposa wa zomwe zilimo, ndipo nthawi imeneyo ndinaona ngati ndi umbombo chabe. Panopa maganizo anasintha, koma kuti mumvetse chifukwa chake tibwerere kaye kumbuyo ku nkhani ya Mono, amene munalipo nthawi imeneyo mukukumbuka phokoso lake.

GNOME anaiyambitsa Miguel de Icaza ndi Federico Mena mu 1997, ndipo msana wake ndi C kuyambira kale mpaka lero, GLib, GObject, GTK zonsezo C. Koma C ndi yotopetsa polemba mapulogalamu a tsiku ndi tsiku, memory umaisamala wekha ngati mwana wakhanda, ukangophethira yatayikira. Nde Miguel yemweyo anadzayambitsa Mono, yomwe imalola kuyendetsa C# ndi zinthu za .NET pa Linux, ndipo kunena zoona mapulogalamu omwe anatuluka mmenemo anali okoma, Tomboy ya manotsi, F-Spot ya zithunzi, Banshee ya nyimbo. Mu 2006 Tomboy inalowa mu GNOME 2.16, ndipo polowa sinabwere yokha, inabwera ndi banja lake lonse, chifukwa kuti kapulogalamu ka manotsi kayende pamafunika Mono yense akhalepo pakompyuta. Mlendo m'modzi mwamuitana, pakhomo pafika lole. Anthu anakangana zaka, ena nkhawa yawo inali ma patent a Microsoft, Richard Stallman mu 2009 anachita kuchenjeza poyera kuti kudalira C# pa desktop yaulere nkoopsa, chaka chomwecho Microsoft inalonjeza kuti siidzasumira anthu pa mbali za C# ndi CLI zomwe zili mu ma standard a ECMA koma ena sanakhutirebe. Ena analibe nazo ntchito za maloya, vuto lawo linali malo basi, nthawi imeneyo distro yonse, ndiye kuti mtundu wa Linux ngati Ubuntu kapena Fedora, inkayenera kukwana pa CD imodzi ya mamegabaiti 700 ndipo Mono amadya gawo looneka. Mu 2009 momwemo Hubert Figuière anangotenga Tomboy nkuilembanso mu C++ nkuitcha Gnote, Fedora inasinthira ku Gnote, Ubuntu inachotsa F-Spot nkuika Shotwell mu 10.10, pofika 12.04 Banshee ndi Tomboy zonse zinatuluka pa CD ndipo Mono anatsagana nazo.

Chimene ndimatolapo pa nkhani imeneyi si choti C# ndi yoipa ayi, chilankhulocho nchabwinobwino. Koma kulowetsa chilankhulo mu platform sikufanana ndi kuwonjezera pulogalamu imodzi, kuli ngati kulemba munthu ntchito yosachotseka. Chikangolowa, anthu amayamba kumangapo zinthu zawo, pakatha zaka zitatu simungachichotse osagwetsa nyumba za anthu, ma bug ake a chitetezo ndi anu, ma apudeti ake ndi anu, akasintha vesheni eni ake inu muthamange, ndipo aliyense wotsitsa platform yanu amasenza nawo ngakhale sadzachigwiritsa ntchito moyo wake wonse. Nde ndikaona command not found ija panopa ndimaona anthu omwe anapsapo kale chala ndipo sakufunanso kugwira moto.

Python kuikamo anachita bwino, apa sindikangana ndi munthu. Mapulogalamu ambirimbiri a GTK ndi a Python, ndipo kwa wongoyamba kumene palibe khomo lophweka kuposa limeneli, mizere makumi awiri windo latseguka, batani likudinika, munthu wasangalala. Chomwe chimathandiza ndi GObject Introspection, ma library a C amafotokoza okha zomwe ali nazo mu timafayilo tapadera, nde Python kapena JavaScript imangowerenga nkuyamba kuitana, sipafunikanso gulu la anthu lolemba ma binding pamanja ngati nthawi ya PyGTK pomwe chinthu chatsopano chikatuluka mu GTK umadikira miyezi kuti chifike kwa iwe. Izi nzimene zimapangitsa kuti platform ikhale ya zilankhulo zambiri popanda kusenza zilankhulo zambirizo. Koma musanyengeke, Python yomwe ilimo ndi Python yokhayokha ndi zinthu zochepa, ma library anu aja mumawakonda a pa PyPI, nkhokwe ya ma library a Python omwe timatsitsa ndi pip, muwabweretse nokha. Ndipo apa mpomwe ndinakhumudwa koyamba, mwa kupusa kwanga ndithu osati kwa wina. Ndinalemba manifest yanga, fayilo yofotokoza mmene pulogalamu imangidwire, bwinobwino nkuikamo pip install ngati mmene ndimachitira masiku onse, build ikufika pamenepo yafa, ndayesanso yafa, ndinatha madzulo onse kuganiza kuti intaneti yanga ndi yomwe yavuta mpaka kuzimitsa rauta kawiri, osadziwa kuti pomanga Flatpak intaneti imatsekedwa dala. Chilichonse chomwe pulogalamu ikufuna uyenera kuchilemba pasadakhale mu manifest, komwe chikuchokera ndi checksum yake, nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yomweyo. Pali ka script kotchedwa flatpak-pip-generator kamene kamakulembera mndandandawo, nditakapeza ndinaseka ndekha, library imodzi yomwe ndinkaiona ngati yopepuka inatuluka ndi abale ake asanu ndi awiri amene sindinkadziwa nkomwe kuti ndimawasunga m'nyumba. Zimatopetsa, sindinama, koma ndi tsiku limenelo lomwe ndinadziwa zenizeni zomwe kapulogalamu kanga kamadalira, ndipo ziwiri ndinazichotsa chifukwa ntchito yake ndikanatha kulemba ndekha mizere khumi.

Vuto lenileni la Python kukhala mu runtime ndi loti vesheni yake simusankha inu. Runtime ikakwera, Python imakwera nayo, ndipo poti ya GNOME imatha mphamvu pakangotha chaka, simungakhale pansi nkunena kuti ine ndili bwino pomwe ndili pano. Ine zinandigwera pa 3.12. Vesheni imeneyi inachotseratu distutils, anali atachenjeza kale kuyambira 3.10 koma ndani amawerenga machenjezo, nde ka library kena kakale komwe ndinkadalira, sindikatchula dzina mwini wake anakasiya kalekale, kanali ndi import distutils pamwamba penipeni. Ndasintha nambala imodzi yokha mu manifest, build yadutsa bwinobwino, ndikutsegula pulogalamu windo osabwera, mu terminal ModuleNotFoundError. Kukonza kwake sikunatenge ola, koma ndinaganiza za munthu amene ali ndi mapulogalamu khumi ndipo amachita izi pa nthawi yake yopuma. Komabe ndikayerekeza ndi njira inayo, yoti aliyense azinyamula Python wakewake nkumusiya akuwola zaka zisanu osamuika ma patch, bola kukankhidwa chaka ndi chaka. Tonse tinaona mmene Python 2 inavutira kuika m'manda, inatha mwalamulo pa 1 Januwale 2020 koma GIMP 2.10, pulogalamu yokonzera zithunzi, inkaidalirabe pa ma plugin ake mpaka GIMP 3.0 kudzatuluka mu Malichi 2025, ma distro ena anangochotsa mbali ya Python mu GIMP yawo kuti athane nazo. Apple nayo inasenza Python 2.7 mu macOS zaka zambirimbiri, inachenjeza mu 2019 kuti zilankhulo za ma script sizidzabweranso zokha, nkudzaichotsa mu macOS 12.3 mu 2022, ndipo ma script a anthu omwe ankangoganiza kuti python ilipo basi ngati mpweya anagwa tsiku lomwelo. Kulowetsa nkosavuta, kutulutsa ndiye ntchito.

JavaScript ndi yomwe mtima wanga uli pawiri. Ilimo chifukwa GNOME Shell yeniyeniyo, nkhope ya desktop yomwe mumaona mukalowa, kuyambira GNOME 3.0 mu 2011, mbali yake yaikulu inalembedwa mu JavaScript kudzera mu GJS, ndipo mu 2013 pa msonkhano wa opanga mapulogalamu ku Brussels anagwirizana kuti JavaScript ndiyo azilimbikitsa kwa olemba mapulogalamu atsopano a GNOME, nkhani yomwe inautsanso mapiri pachigwa. Mapulogalamu ngati Maps, Weather ndi Characters ndi a JavaScript, nde kuichotsa sizingatheke. Koma injini yake ndi SpiderMonkey ya Mozilla, yomweyo ya mu Firefox, chinthu chachikulu chomwe chimathamanga pa liwiro la browser osati la desktop, anthu a GJS amakhalira kuisamutsira ku vesheni yatsopano. Komanso amene mukuchokera ku web musabwere ndi chimwemwe chambiri, iyi si Node, choyendetsera JavaScript kunja kwa browser chomwe munazolowera, zinthu zambiri za npm zomwe zimayembekezera fs kapena process sizigwira, mafayilo mumawerenga kudzera mu Gio ngati wina aliyense. Ndinayesapo kulemba kanthu kakang'ono mmenemo, kanayenda, kamatseguka msanga, koma ndikasaka thandizo mayankho ambiri amakhala a browser kapena a Node, uyenera kumasulira wekha m'mutu. Ndipo GNOME 45 mu 2023 itasamukira ku ma module a ESM ma extension a Shell onse anayenera kukonzedwa kuti ayendenso, imeneyo si nkhani ya runtime ya Flatpak mwachindunji koma ikuonetsa chomwecho, chilankhulo chikakhala pansi pa nyumba, chikatembenuka onse a m'mwamba amamva. Funso lomwe ndimadzifunsa ndi loti kodi akanakhala kuti akuyamba lero opanda mbiri yonseyi akanaika zilankhulo ziwiri za script, kapena chimodzi? Ine ndikanasiya chimodzi. Koma ndikudziwa wina akuwerenga apa akuti inde chimodzi, JavaScript, Python ichoke, nde mwaona mmene mkangano umayambira kkkk.

Za Rust ndiye anazichita mwanzeru kwambiri, kapena tinene kuti chilankhulocho chinawapeputsira ntchito. Rust ikamanga imatulutsa binary yomwe ma crate ake onse, ndiye kuti ma library ake, alowa kale mkati, wogwiritsa ntchito safuna Rust pakompyuta pake, nde mu Platform mulibe chifukwa choikamo, imangokhala extension ya Sdk, org.freedesktop.Sdk.Extension.rust-stable, wopanga yekha ndi amene amatsitsa. Loupe yoonera zithunzi ndi Snapshot ya kamera, zomwe zinalowa mu GNOME 45 m'malo mwa Eye of GNOME ndi Cheese, ndi za Rust, ndipo munthu wamba sangadziwe nkomwe. Vala nayo chimodzimodzi, imasanduka C isanamangidwe, nde ikafika kwa inu ndi pulogalamu ya C basi, Shotwell ija inalowa m'malo mwa F-Spot ndi ya Vala. Koma tisanamizane kuti Rust inalowa ulere. Federico Mena atayamba kusamutsa librsvg kuchoka ku C kupita ku Rust mu 2016, library yojambula ma SVG yomwe pafupifupi desktop yonse imaidalira pa ma icon, anthu osamala Debian pa ma processor akale omwe compiler ya Rust sinkafikako anadandaula kwambiri, chifukwa kwa iwo library yofunika inangosanduka yosamangika. Mtolo sunathe, unangochoka pamutu pa wogwiritsa ntchito nkupita pamutu pa omanga. Ndipo ngati mumaona kuti mndandanda wa pip uja ndi wautali, dikirani muone fayilo yomwe flatpak-cargo-generator imatulutsa, mumachita kutopa ndi kupukusa mausi.

Amene ndimawamvera chisoni pang'ono ndi a Java ndi .NET. Ma extension awo alipo, openjdk ilipo, dotnet ilipo, node ndi golang ziliponso, koma poti mu Platform mulibe, pulogalamu ya Java iyenera kunyamula JRE yake, choyendetsera Java, mkati mwake. Mukaika mapulogalamu atatu a Java ndiye kuti JRE katatu, ngakhale OSTree yomwe Flatpak imasungiramo zinthu imathandizako, mafayilo ofanana ndendende imasunga kamodzi kokha, koma zimenezo zimatheka ngati onse atatu anamangira vesheni imodzimodzi, apo ayi aliyense ndi katundu wake. Mnzanga wina wokonda Java amati uku nkukondera, bwanji Python ikwere ulere ife tizilipira. Ndimamumvetsa, koma ndimamufunsa kuti aike Java iti, 8, 11, 17 kapena 21, poti mapulogalamu a Java enieniwo sagwirizana okhaokha, mukaika imodzi theka la anthu anyamulabe yawo, nde onse atsitse JRE yomwe ikuthandiza anthu ochepa? Amangoti iwe ndiwe wa Python nchifukwa chake. Mwina akunena zoona pang'ono.

Chinthu china chomwe anthu sachitchula kawirikawiri, ndipo kwa ine ndi chachikulu, Python ya mu runtime siikhudzana ndi Python ya system yanu. Amene munathyolapo distro chifukwa cha sudo pip install mukudziwa ululu wake, mwakweza library imodzi kenako chida cha system chomwe chimaidalira chasiya kuyenda, mpaka Debian 12 ndi Ubuntu 23.04 anayamba kukana pip yotero ndi uthenga uja wa externally-managed-environment. Mu Flatpak nkhawa imeneyo palibe, kapulogalamu kanga kamaona Python imodzimodzi pa Fedora, pa Debian, pa Arch, munthu akandilembera kuti sikakuyenda sindiyambanso ndi funso loti muli pa distro yanji ndipo Python yanu ndi vesheni iti. Kwa munthu wopanga zinthu yekha madzulo ataweruka, chimenechi chokha chimalipira mavuto ena onse aja.

Pa disiki pokha konzekani. Mapulogalamu sasamuka tsiku limodzi, wina ali pa runtime ya chaka chino wina akadali pa ya chaka chatha wina mwini wake anasowa ali pa yakalekale, nde mupeza muli ndi ma GNOME Platform atatu, Python atatu, SpiderMonkey atatu, mukaika pulogalamu ya KDE, desktop ina ya Linux, kubweranso org.kde.Platform ndi Qt yake. Ine ndinazolowera kulemba flatpak uninstall --unused pakapita nthawi, imasesa omwe palibe akuwagwiritsa ntchito, ndipo flatpak update imakuuzani yokha runtime ikafika end-of-life nkutchula mapulogalamu omwe akuikakamirabe. Pa laputopu yakale ya disiki yaing'ono zimamveka ndithu. Komabe poyerekeza ndi Electron, njira yopangira mapulogalamu a desktop ndi zida za web, pomwe pulogalamu iliyonse imabwera ndi Chromium yake ndi Node yake osagawana ndi wina aliyense, kuno kuli bwino.

Nde pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha moyo wake waufupi, chaka chimodzi nchochepa kwa anthu ongodzipereka, bola akanafanana ndi ya Freedesktop ya zaka ziwiri ija, komanso chifukwa wongoyamba kumene palibe chomwe chimamugwira dzanja pa nkhani ya ma library a Python, amadzagunda khoma la intaneti yotsekedwa lija yekha ngati ine. Ngati mukulemba za GTK mu Python, C, Vala kapena Rust, tengani musachedwe. Ngati ndinu a Java kapena C# ikugwirirani ntchito koma ingodziwani kuti katundu wanu munyamula nokha, ndipo mwina org.freedesktop.Platform yokha ikukwanirani ngati simukhudza GTK. Ine pano terminal yayambanso kundionetsa uthenga wa end-of-life pa kapulogalamu kanga kachiwiri, nde weekend ino ndisintha nambala ija mu manifest, koma ulendo uno ndiyamba ndawerenga kaye zomwe Python yatsopanoyo yachotsa ndisanadine build.